Besi yanga ikungogunda ngati bingu m'tchalitchi, manoti sakumveka, thandizeni

Wabesi wa ku Ndirande: Akuluakulu mwaswera bwanji pagulu pano. Ine ndili ndi vuto landisowetsa mtendere miyezi itatu tsopano. Ndimayimba besi ku tchalitchi kwathu, gitala ya nsambo zinayi, ma pickup awiri (timaginito totola kulira kwa nsambo), mabatani atatu. Ampu, makina okuzira mawu a gitala, ndi ya mpingo, ija yophatikiza ndi sipika yake pamodzi, mawatsi 100, sipika ya mainchesi 15. Ndikabwera nayo kunyumba kudzapanga prakatisi imalira bwino kwambiri mpaka mtima kukhala mmalo, koma ndikangoyiika m'tchalitchi Lamulungu zonse zimasanduka phala, kumangomveka wuuu wuuu, sungadziwe kuti apa ndagwira C kapena F. Sabata yatha mayi wina wa kwaya anandiuza mwaulemu ndithu kuti besi ikuwapweteka mutu, pomwe ineyo pamene ndimayimapo sindimadzimva nkomwe, nde ndimangowonjezera voliyumu. Kodi ampuyi yatha kapena? Ndalama yogulira ina palibe.

Wang'oma wa Area 25: Achimwene vuto limeneli ndi la matchalitchi ambiri, kwathunso zinali chonchi. Tumizani chithunzi cha mabatani a ampuyo mmene mumayikira

Wabesi wa ku Ndirande: Foni kamera inafa koma ndifotokoze. Gain pa 7, bass pa 9 nthawi zina 10, low mid pa 2, high mid pa 2, treble pa 7, master pa 5. Pali kabatani kena kodina kolembedwa contour, kameneko kamakhala koyatsa nthawi zonse chifukwa ndikakazimitsa besi imamveka yowuma ngati mukumenya katoni

Chileka Roots: Ampu ya mawatsi 100 ndi yaing'ono man, kambani ndi akuluampingo agule ya 300 kapena 500. Besi imafuna mphamvu, palibe kuchitira mwina. Ampeg SVT ija imene mabandi akuluakulu amagwiritsa ntchito kuyambira 1969 ndi mawatsi 300 ndi bokosi la masipika 8, mukuganiza anthu aja amanyamula chikatundu cholemera chonchija pachabe?

Madala a Sound: Mwana wanga wa ku Ndirande, usathamangire kwa akuluampingo ndi nkhani ya ndalama, ampuyo sindikuona ngati yatha. Iwe wemwe wanena kuti anthu a kwaya mutu ukuwapweteka. Ndiye kuti mphamvu ilipo, yochuluka kale. Chimene chikusowa ndi mawu apakati, ndipo wawachotsa wekha kawiri. Koyamba watsitsa ma mid onse kufika pa 2. Kachiwiri kabatani ka contour kaja ntchito yake ndi yomweyo, kamadula pakati n'kukweza pansi ndi pamwamba. Ndiye wadula pamene padulidwa kale.

Tamvera. Nsambo yaikulu ija ya E ukayimenya osagwira paliponse imalira pa 41 Hz, ndiye kuti imanjenjemera ka 41 pa sekondi, ya A pa 55, ya D pa 73, ya G pa 98. Koma khutu la munthu silizindikira noti ndi kugunda kwa pansiko kokha ayi. Noti iliyonse imabwera ndi ana ake pamwamba, E imabweranso ndi 82, 123, 164, kumangokwera choncho, ndipo anawo ndi amene amakuuza kuti iyi ndi E osati F. N'chifukwa chake pa kawailesi kakang'ono ka mabatire umatha kutsatira besi ya nyimbo bwinobwino, chonsecho kasipika kake sikangatulutse 41 Hz ngakhale pang'ono. Iwe wapha anawo watsala ndi kugunda kokha.

Wabesi wa ku Ndirande: Madala ndamva koma nanga bwanji kunyumba imakoma? Mabatani ake omwewo sindisintha kalikonse

Madala a Sound: Kunyumba uli wekha. Mulibe ng'oma, mulibe kiyibodi, mulibe anthu 200 akuyimba. Komanso umayimba motsitsa, ndipo khutu lathu pa voliyumu yotsika silimva bwino mawu apansi, nde ukakweza bass zimamveka zolongosoka. Ukakweza voliyumu m'tchalitchi khutu limayamba kumva zapansizo mokwanira, zija unawonjezera kunyumba zimasanduka zonyanya. Ndifunseko, ampuyo imakhala pati m'tchalitchimo?

Wabesi wa ku Ndirande: Pakona kumbuyo kwa ng'oma, pansi pa simenti, yatsamira khoma. Soketi ili pomwepo ndipo kebulo yathu ndi yaifupi. Ine ndimayima pafupi nayo, mwina sitepe imodzi

Wang'oma wa Area 25: Ayi nde zimenezotu. Pakona!

Mlongo wa ku Joni: Moni nonse, ndangowerenga zonse pano ndikuweruka. Achimwene a ku Ndirande, ine ndimayimba besi ku mpingo wa a Malawi kuno ku Johannesburg, timachita lendi holo ya simenti yokhayokha, ndinalira nazo chaka chathunthu zimenezi. Pakona ndi malo oyipitsitsa oyikapo ampu ya besi. Khoma lililonse limene ampu yayandikira limabweza mawu apansi n'kuwawonjezera, pansi pakuwonjezera, khoma la kumbuyo likuwonjezera, la m'mbali likuwonjezeranso. Nde inu mwayika bass pa 10 kenako nyumba nayo ikukwezanso pamwamba pake.

China chimene sindinkachidziwa n'choti mawu apansi amafalikira mbali zonse ngati utsi, pomwe apakati ndi apamwamba amayenda molunjika kumene sipika yayang'ana. Ampu ikakhala pansi inu mwayima pafupi, sipika ikuyankhula ndi mawondo anu, makutu anu sakulandira kanthu koma kugunda kokha. N'chifukwa chake simudzimva. Ine ndinangotenga mpando wa pulasitiki wolimba n'kuyikapo ampu, ndi kathabwa kutsogolo kuti ipendekeke kuyang'ana kumutu kwanga, tsiku lomwelo ndinatsitsa master ndekha osauzidwa ndi munthu.

Chileka Roots: Koma inu mukufuna besi ikhale ngati gitala ya lidi? Besi ndi ya pamtima, iyenera kugwedeza chifuwa. Pitani kukamvera Ma Blacks akamayimba live mudzamve besi mmene imakhalira, kapena mverani Family Man Barrett, wabesi wa Wailers ya Bob Marley. Palibe zoti twang twang pamenepo

Mlongo wa ku Joni: Achimwene a ku Chileka sindikutsutsa, reggae ndimayikonda nanenso. Koma tamverani bwino Family Man yemweyo, noti iliyonse mutha kuyiyimba ndi pakamwa, imayamba poyera n'kuthera poyera. Besi yonenepa ndi besi yamatope ndi zinthu ziwiri zosiyana. Komanso mu reggae ena onse amasiyira besi malo, gitala imangodula pang'ono pamwamba, kiyibodi nayo chimodzimodzi. Ku tchalitchi wa kiyibodi amagwira makiyi khumi nthawi imodzi ndi pedulo pansi

Chileka Roots: Apo nde mwanena zoona, za akiyibodi

Wakiyibodi ku Zomba: Eee tayambidwa ife tsopano. Koma ndivomere, ambirife tinaphunzira kuyimba kulibe wabesi, nde dzanja lamanzere linazolowera kugwira ntchito ya besi, ma octave pansi penipeni. Wabesi akabwera sitisiya. Ine anandiuza ndi mphunzitsi wathu wa kwaya kuti wabesi akakhalapo dzanja lamanzere lisatsike kupyola C amene ali pansi pa C wapakati, poyamba zinkandivuta ngati andimanga dzanja koma nyimbo zinayera. Achimwene funsani wa kiyibodi wanu, koma mumufunse bwino pa awiri osati pamaso pa kwaya

Wabesi wa ku Ndirande: Wa kiyibodi wathu ndi mkulu kwa ine, ndi amene anandiphunzitsa makodi ndili mwana, nde kumuuza kuti achotse dzanja zindivuta koma ndiyesa. Pali chinanso ndayiwala kunena. Noti ya G, ija ya pa fret yachitatu (ma fret ndi tizitsulo ta pakhosi la gitala) pa nsambo yaikulu, ndikangoyigwira tchalitchi chonse chimanjenjemera, malata kuchita phokoso, mawindo a magalasi aja kulira. Koma ndikapita pa C kapena D mawu amathawa ngati ndazimitsa ampu. Ndipo nyimbo zathu zambiri zili mu G

Madala a Sound: Tchalitchicho mulifupi mwake ndi mamita angati, kuchoka khoma kufika khoma?

Wabesi wa ku Ndirande: Ndafunsa amene anamanga nawo, akuti mulifupi 7 mulitali 18

Madala a Sound: Basi wapezeka wolakwa. G imeneyo imalira pa 49 Hz. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, ukagawa 343 ndi 49 upeza 7. Ndiye kuti funde la noti ya G kutalika kwake ndi mamita 7, ndendende mulifupi mwa tchalitchi chanu. Likamenya khoma ili limabwerera n'kukakumana ndi linzake likubwera, amangosanjikizana, noti imakula yokha popanda iwe kuwonjezera kanthu. Amene akhala m'mbali mwa khoma ndi amene amazunzika kwambiri, ndikhulupirira mayi anadandaula aja amakhala chakukhoma. Ndipo pali malo ena m'kati momwemo amene G yemweyo samveka n'komwe chifukwa mafunde akuphana. Izi ngakhale mutagula ampu ya mamiliyoni sizingathe, ndi nyumba. Ampu yaikulu ingowonjezera mavuto.

Chimene ungachite, chotsa ampu pakona, tsitsa bass, ndipo nyimbo za mu G yesa kugwira G wa pamwamba, pa fret yachisanu ya nsambo ya D, amene ali pa 98. G wapansiyo uzimusunga pa malo ofunika okha, monga pothera nyimbo, ndipo uzimumenya mofatsa.

Wabesi wa ku Ndirande: Madala mayi aja amakhaladi benchi ya kukhoma. Ndazizidwa nazo

Mnyamata wa Kawale: Ine maganizo anga mungolumikiza sipika ina ya PA, zija za maikolofoni, ku ampuyo muyike mbali ina ya tchalitchi, mawu afalikire. Ife tinapanga choncho

Wokonza Zamagetsi ku Limbe: Ayi ayi chonde musayese musanawerenge kumbuyo kwa ampu. Pa benchi yanga pano pali ma ampu atatu a matchalitchi onse anapsa ndi nzeru imeneyi. Kumbuyo kumalembedwa kuti minimum 4 ohms kapena 8 ohms, nambala ya ma ohms ikachepa sipika imakoka moto wambiri. Masipika awiri a 8 ohms mukawalumikiza mogundizana, ija amati parallel, amakhala 4, awiri a 4 amakhala 2, ampu imakoka moto wopyola mphamvu yake n'kutentha mpaka ma transistor kupsa. Ma ampu ambiri ophatikizawa sipika yam'kati inatenga kale mphamvu yonse, ngati palibe bowo lolembedwa extension speaker ndiye kuti sanapange kuti muwonjezere. Ndipo anthu ena amalumikiza sipika ndi kebulo ya gitala, imeneyo waya wake wam'kati ndi wochepa, si ya ntchito imeneyo.

Pa za gain pa 7, kodi pali kagetsi kofiira kolembedwa clip kapena peak? Kamayaka?

Wabesi wa ku Ndirande: Kalipo, kamayaka pafupifupi nyimbo yonse, ine ndimaona ngati kakusonyeza kuti ampu ikugwira ntchito

Wokonza Zamagetsi ku Limbe: Kakukuuzani kuti mawu akusweka polowa pomwe. Tsitsani gain mpaka kazingophethira mwa apo ndi apo mukamenya mwamphamvu kwambiri, kenako voliyumu muzikwezera pa master. Komanso bass pa 10 ija ikudya mawatsi anu onse, mawu apansi ndi amene amafuna moto wambiri, sipika ikungokankha mpweya pa mawu amene siyingathe n'kutulutsa bwino. Mukapitiriza idzang'ambika kapena coil idzapsa. Gitalayo ili ndi batire kumbuyo?

Wabesi wa ku Ndirande: Ilibe batire bwana

Wokonza Zamagetsi ku Limbe: Chabwino, nde za batire tisiye. Kwa ena amene muli ndi zabatire ya 9V, muzizula jack mukamaliza, ikakhala yolowetsa batire imangodyeka, ndipo ikafooka mawu amayamba kusweka anthu n'kumati ampu yafa

Mlongo wa ku Joni: Nsambo munasintha liti achimwene?

Wabesi wa ku Ndirande: Achemwali funso limenelo nde lovuta. Gitalayi ndinagula kwa munthu 2022 ndi nsambo zomwezi. Seti yatsopano mtengo wake ndi wa thumba la chimanga kapena kuposa, ndili ndi ana awiri

Mlongo wa ku Joni: Ndikumvetsa, musadandaule. Nsambo zija zokhakhala zimasunga thukuta ndi litsiro m'mipata mwake, nde zimasiya kunjenjemera bwino, kuwala konse kumatha. Zimasuleni imodzi imodzi, muzipinde mozungulira, muziwiritse m'poto wa madzi mphindi 10 kapena 15, mudzaona mafuta akuyandama pamwamba. Muziumitse bwinobwino ndi nsalu, zigone usiku wonse zisanabwerere pa gitala kuopa dzimbiri. Sizikhala zatsopano koma zimadzuka kwa masabata angapo. Osachita kawirikawiri, zimafooka pamene zimapindikira paja n'kuduka. Poto wake asakhale wophikira ndiwo. Ndipo mukamaliza kuyimba muzipukuta nsambo ndi kansalu kouma nthawi zonse

Chileka Roots: Nsambo zakale si vuto, James Jamerson, wabesi wa kampani ya nyimbo ya Motown ku America, sankasintha nsambo zake zaka ndi zaka ndipo dziko lonse limamuphunzira mpaka lero

Madala a Sound: Zoona, koma zake zinali flatwound, zija zosalala, pa Fender Precision, ndipo pa bridge, chitsulo chogwira nsambo kumunsi kwa gitala, pankakhala kasiponji kodula kulira. Mawu ake anali afupiafupi, dum dum, odzaza pakati, osati otalika ngati a mnzathuyu. Ndipo poti watikumbutsa, mwana wanga dula kasiponji kotsukira mbale, kouma, ukalowetse pansi pa nsambo pafupi ndi bridge, kasathine kwambiri. M'nyumba ya simenti ndi malata noti imachedwa kufa, ukamagwira yachiwiri yoyamba ikadali m'mwamba ikuzungulira. Siponji imafupikitsa noti, nyumbayo n'kumalizitsa yokha.

Wang'oma wa Area 25: Ine ngati wang'oma ndinene mbali yanga. Kick yanga, ng'oma yaikulu yoponda ndi phazi ija, ndi besi timakhala malo amodzi pansipo, wabesi akadzaza ponse kick imasowa nde ine ndimaponda mwamphamvu, iye akweza, wa kiyibodi akweza, oyimba akuwa, pofika pa korasi yachiwiri ndi chiphokoso chokhachokha. Wabesi wathu atatsitsa bass n'kukweza low mid tinayamba kumvana, panopa ndimamva chala chake chikamenya nsambo nde phazi langa limagwera pomwepo

Wa Sungura ku Harare: Ndalowa mochedwa abale. Kuno ku Zimbabwe besi ya sungura ndi sukulu payokha pa nkhani imeneyi. Mverani Alick Macheso, amene magazi ake ndi a kwathu konko ndipo nyimbo zina amayimba m'Chichewa. Besi yake imathamanga kwambiri, manoti ambirimbiri, koma iliyonse mumayimva ngakhale pa sipika ya m'kombi. Mukayika bass pa 10 n'kudula mid simungayimbe sungura ngakhale mzere umodzi, zonse zingaphatikane. Chinsinsi china chili pa dzanja lamanja. Mukamenyera pafupi ndi khosi la gitala mawu amakhala ofewa onenepa, mukasunthira pafupi ndi bridge amakhala olimba othina. Yesani pompano osakhudza batani lililonse, noti imodzi yomweyo malo atatu osiyana, mumva ngati magitala atatu

Wabesi wa ku Ndirande: Ndayesa pompano pa ampu yaing'ono ya mnzanga, zoonadi. Ine chala chachikulu chimakhala kumapeto kwa khosi nthawi zonse, ndi mmene ndinaphunzirira

Wa Sungura ku Harare: Sunthani chikhale pa pickup ya kumbuyo nyimbo zothamanga, zofatsa mubwerere kutsogolo. Ndipo nsambo zimene simukuyimba muzizigwira zisamalire zokha. Ambiri matope awo amachokera pamenepo, akuyimba pa D koma E ndi A zikung'ung'udza pansipansi

Madala a Sound: Tamvera tsono zochita Loweruka pa prakatisi, usasinthe zonse nthawi imodzi chifukwa sudzadziwa chimene chathandiza. Yamba ndi kusuntha ampu, ichoke pakona ndi pakhoma mwina mita imodzi, ikwere pa mpando. Bwereka extension. Zimitsa contour, mabatani onse anayi pa 5. Idzamveka yowuma, udzafuna kubwezera, pirira. Gulu lonse liyambe nyimbo, iwe upatse mnzako gitala azingomenya manoti osavuta, upite kumbuyo kwa tchalitchi ukamvere, uyendeyende, ukakhalenso pa benchi ya mayi aja. Ukamva matope tsitsa bass pang'ono kaye. Ngati zikumveka ngati uli m'katoni ndiye ndi chapakati pa 250 ndi 400 Hz, tsitsa low mid pang'ono pokha. Ngati manoti sakuoneka kweza high mid, chapa 800 mpaka 1000 ndi pamene pamakhala chala. Treble pa besi ya m'tchalitchi ilibe ntchito yambiri, imangokweza kulira kwa ma fret ndi mluzu. Ndipo kumbuka kuti anthu akadzaza Lamulungu matupi ndi zovala zimamwa mawu apakati ndi apamwamba, apansi amatsala, nde usaope kusiya mid yokwererako

Chileka Roots: Ine ndikadali pa mawu anga kuti tsiku lina mudzafuna ampu yaikulu, mukadzayimba panja pa msonkhano 100 watts sidzafika kulikonse. Koma za m'nyumbazi ndagonja, yesani za madalawa

Mlongo wa ku Joni: Panja nde nkhani ina, kulibe makoma okuthandizani. Koma pamenepo mungotenga DI out, bowo lotulutsira mawu a ampu, kupita ku mikisa, masipika akuluakulu agwire ntchito, ampu ikhale yodzimvera inu nokha

Wabesi wa ku Ndirande: Abale ndabwera ndi lipoti, pepani ndachedwa dzulo tinali ndi maliro kumudzi. Lachisanu ndinawiritsa nsambo, madzi anada ngati tiyi, sindinakhulupirire kuti zonsezo zimachoka m'manja mwanga. Loweruka ndinapita molawirira ndi extension ya aneba. Ampu ndinayika pa benchi yaifupi ya Sande sukulu, kutali ndi kona, njerwa imodzi kutsogolo kuti iyang'ane m'mwamba. Nditazimitsa contour mtima unawawa, inkamveka ngati si besi yanga, dzanja linapita lokha pa batani koma ndinakumbuka mawu a madala. Titayamba tonse pamodzi, abale, ndinamva noti iliyonse. Koyamba chiyambire kuyimba m'tchalitchi muja ndinamva kuti pa korasi ina ndakhala ndikugwira noti yolakwika miyezi yonseyi, B m'malo mwa C, palibe ankadziwa chifukwa sizinkamveka.

Tinathera apa, gain 4, bass 4, low mid 5, high mid 7, treble 4, master 6. G uja akadali wamphamvu kuposa anzake koma malata asiya kulira. Akulu a kiyibodi ndinawapeza pa awiri tikupinda makebulo, ndinangowapempha kuti tiyese nyimbo imodzi iwo asatsike pansi kuti ndione ngati ndikulondola. Titamaliza anakhala chete kenako anati tibwerezenso ina. Lamulungu anayimba choncho mapemphero onse. Mayi aja sanandiuze kanthu koma ndinawaona akuyimba mpaka kumapeto, kale amatuluka panja nthawi ya makorasi

Wang'oma wa Area 25: Zikomo kwambiri pobwera kudzatiuza, ambiri akathandizidwa amangosowa

Wa Sungura ku Harare: Nkhani yabwino achimwene. Dzanja munasuntha?

Wabesi wa ku Ndirande: Ndikuyesetsa koma likumabwerera lokha kukhosi, pafunika nthawi. Koma pabuka china. Nditaona kuti pickup ya kumbuyo ikumveka bwino ndinatsitsa ya kutsogolo mpaka theka, nde kwayamba kulira mmmmm osasiya, makamaka nthawi ya ulaliki tikakhala chete anthu amachita kutembenuka. Magetsi atathima tinayatsa jenereta nde kunanyanya. Mnyamata wina wandiuza kuti ndithyole phini yaitali ija ya pa pulagi akuti phokoso limatha

Wokonza Zamagetsi ku Limbe: Musathyole, ndikubwerezanso musathyole. Phini imeneyo ndi earth, ndi imene imateteza moyo wanu. Nsambo za gitala zimalumikizana ndi chitsulo cha ampu kudzera pa kebulo, china chikalakwika m'kati moto wa 230V udzadutsa m'manja mwanu, makamaka mukagwira nsambo mlomo n'kukhudza maikolofoni, pa simenti. Anthu anafapo pa siteji ndi zimenezi. Muuzeni mnyamatayo asadzauzenso wina.

Kulirako ndi kwa magetsi athu a 50 Hz, ma pickup anu akukutola m'mwamba ngati mlongoti wa wailesi. Ngati gitalayo ndi ya mtundu wa Jazz Bass, ma pickup awiri owonda aja, anawapanga mosemphana dala kuti onse akakhala pa voliyumu yofanana phokoso liziphana. Mukatsitsa imodzi phokoso limatuluka. Nde bwezerani onse pa full kapena mutsitse ya kutsogolo pang'ono pokha, kuthina kwa mawu mukupeze ndi dzanja monga ananenera a ku Harare. Nthawi ya ulaliki tsekani ma voliyumu a pa gitala. Yesaninso izi mundiuze, mukagwira nsambo ndi dzanja phokoso limachepa kapena limakhala chimodzimodzi? Nanga mukatembenuka ndi gitala kuyang'ana mbali ina?

Wabesi wa ku Ndirande: Ndikagwira nsambo limachepa kwambiri, ndikasiya limabwerera ngati zzzz. Ndikatembenukira kuguwa limachepanso. Pamwamba pathu pali getsi lija la chubu

Wokonza Zamagetsi ku Limbe: Nde pali ziwiri. Lochepa mukatembenuka ndi la ma pickup, limenelo lithetseni ndi ma voliyumu aja komanso muyime kutali ndi ampu pang'ono, thiransifoma yake nayo imatulutsa phokoso. La zzzz lochepa mukagwira nsambo likusonyeza kuti waya wa earth wa ku bridge uli bwino koma m'kati mwa gitala momwe muli mabatani mulibe chotchinga. Timamata tepi ya kopa m'bowo monse n'kulumikiza ku earth, ena amagwiritsa ntchito foyilo ya kukhitchini ndi guluu, imagwira ndithu bola zidutswa zikhudzane bwino ndipo zisakhudze mawaya a mawu. Getsi la chubu lija yesani kulizimitsa mumve kusiyana. Extension ya aneba ija muyitsegulenso muone ngati ili ndi mawaya atatu m'kati, zambiri zotchipazi zimakhala ndi awiri okha, mabowo atatu koma earth mulibe

Wabesi wa ku Ndirande: Ndatsegula, muli awiri

Wokonza Zamagetsi ku Limbe: Imeneyo musayigwiritsenso ntchito pa ampu ngakhale tsiku limodzi. Gulani waya wa 3 core mamita asanu, pulagi ndi soketi, pa izi nde mukawauze akuluampingo atulutse ndalama, si zambiri. Soketi ya pakhomayo nayo wina wodziwa ayiyeze ngati earth yake ikufikadi pansi, ndi jenereta yomwe

Madala a Sound: Ndipo waya watsopanoyo akabwera uyesenso kusuntha ampu chapakati pang'ono, sitepe imodzi imodzi, ukumenya G uja. Pali malo pamene adzafatsa kuposa apo wayika. Ukawapeza ulembe pansi ndi choko kapena penti kuti osesa akasuntha uzidziwa pobwezera

Wabesi wa ku Ndirande: Ndalankhula ndi msungichuma wavomera za waya, tigula Lachinayi. Bwana a ku Limbe foyiloyo ndimate ndi pansi pa chivindikiro cha pulasitiki pomwe kapena m'bowo mokha?

Wokonza Zamagetsi ku Limbe: Ponse pawiri, ndipo ya m'bowo ituluke pang'ono m'mphepete kuti mukamanga masikuluwu ikhudzane ndi ya pachivindikiro. Pansi pa mabatani ndi pa jack muyikepo tepi yakuda kuti zisagundane, mukapanda kutero gitala idzangokhala chete. Musanamasule jambulani mawaya ndi foni ya mnzanu